Kodi pulezidenti angatseke nyuzipepala dziko likakhala pa nkhondo?

Funso: Ndimaphunzitsa History pa sekondale ina kuno ku Mzuzu. Tikukambirana za atsogoleri a nthawi ya nkhondo, mtsikana wina wa Fomu 4 anandifunsa kuti, ngati Abraham Lincoln amatamandidwa kuti anapulumutsa demokalase ya America chonsecho nyuzipepala zinkatsekedwa mu ulamuliro wake, akusiyana pati ndi atsogoleri akwathu amene ankatseka anthu pakamwa? Kodi pulezidenti ali ndi mphamvu yoletsa nkhani pa nkhondo, nanga malamulo a Malawi amati chiyani?

Yankho: Aphunzitsi, mwanayo sananame, ndipo musamutonthoze ndi mawu akuti Lincoln anali munthu wabwino. Akatswiri a mbiri amawerengera nyuzipepala pafupifupi 300 zimene zinatsekedwa kapena kuimitsidwa kwa kanthawi kumbali ya Lincoln pa nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865. Amene anatseka zambiri ndi akuluakulu a asilikali m'madera awo, koma mwini boma anali iye. Kusiyana kulipo ndithu, ndipo kumaoneka mukafunsa zinthu zinayi pa chiletso chilichonse: akubisa chiyani, akubisira yani, mpaka liti, ndipo ndani angamubweze. Funso lachiwirilo ndi limene limaulula zambiri. Nkhani imene mdani akuidziwa kale, monga kugonja kwanu pa malo amene iye mwini wapambanapo, ikabisidwa ndiye kuti akubisira eni dziko.

Anthu ambiri akamva za kuletsa nkhani amaona msilikali ataima pa khomo la nyumba yosindikizira. Njira zimene zinagwira ntchito kwambiri zinali zopanda phokoso. Nyuzipepala ya nthawi imeneyo inkadalira positi ndi waya wa telegalamu, ndipo zonse ziwiri boma linkatha kuzigwira. Mu Ogasiti 1861 nduna yoyang'anira mapositi, Montgomery Blair, inalamula kuti nyuzipepala zisanu za ku New York zotsutsa nkhondo zisanyamulidwe pa positi. Palibe anaziletsa kusindikiza, koma nyuzipepala imene owerenga ake ali m'matauni akutali ikamanidwa positi ndiye kuti yafa ili chiimire. Ina mwa izo, Journal of Commerce, inaloledwanso mkonzi wake atachoka. Mu Febuluwale 1862 unduna wa zankhondo, pansi pa Edwin Stanton, unatenga ulamuliro wa mawaya a telegalamu. Mtolankhani wa ku Washington akafuna kutumiza nkhani ku likulu la nyuzipepala yake, uthengawo unkadutsa kaye pa desiki ya wounika wa boma. Cholinga chimene chinkanenedwa chinali kuteteza mayendedwe a asilikali, koma komiti ya Nyumba ya Malamulo itafufuza chaka chomwecho inapeza kuti ounikawo ankachotsanso nkhani za ndale ndi zodzudzula nduna. Izi zimachitika pafupifupi kulikonse: wounika nkhani salangidwa akachotsa zambiri, amalangidwa akalola chinthu chimene chakwiyitsa bwana wake, ndiye lumo lake limangonka likulirakulira.

Pa 1 Juni 1863 mkulu wa asilikali Ambrose Burnside analamula kuti Chicago Times itsekedwe. Nyuzipepala imeneyi inkamutukwana Lincoln mopanda manyazi, makamaka pa nkhani yomasula akapolo. Asilikali analowa m'nyumba yosindikizira, khamu la anthu linasonkhana mumzinda kutsutsa, ndipo ngakhale andale a chipani chake chomwe anamupempha kuti lamulolo lichotsedwe. Pa 4 Juni analichotsa, nyuzipepalayo n'kupitiriza kumunyoza mpaka nkhondo inatha. Mwezi womwewo akonzi a ku New York, ena mwa iwo odana koopsa pa ndale, anakumana n'kugwirizana kuti kudzudzula boma ndi ufulu wawo ngakhale pa nkhondo. Anadziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mu Okutobala Lincoln analembera mkulu wa asilikali ku Missouri, John Schofield, kumuuza kuti aziletsa nyuzipepala kapena misonkhano pokhapokha zikuvulaza ntchito ya asilikali moonekeratu, ndipo kupyola apo asamasokoneze anthu ponena maganizo awo.

Mu Meyi 1864 iye mwini anaphwanya langizo lakeli. Mtolankhani wina, Joseph Howard, analemba chikalata chabodza m'dzina la pulezidenti choitana amuna 400,000 kuti alowe usilikali. Anachilemba mofanana ndi mauthenga a Associated Press, bungwe lotumizira nyuzipepala nkhani, n'kuchitumiza m'maofesi a nyuzipepala pakati pa usiku, akonzi akuluakulu atapita kale kunyumba. Iye ankafuna ndalama basi: anali atagula golide, podziwa kuti nkhani yoipa ya nkhondo imakweza mtengo wake. Nyuzipepala ziwiri za ku New York, World ndi Journal of Commerce yomwe ija, zinachisindikiza pa 18 Meyi. Lincoln anasaina yekha lamulo lozitseka ndi kumanga akonzi. Patapita masiku ochepa zinatsegulidwa, zitadziwika kuti nazonso zinachita kupusitsidwa. Apa palibe chomuikira kumbuyo. Chinkafunika n'kutsutsa bodzalo msanga ndi kugwira wolilemba, ndipo n'zovuta kukhulupirira kuti World ikanalangidwa chonchi ikanakhala ya chipani chake. Akonzi a lero nawonso atengepo kanthu, chifukwa chikalata chokhala ndi chidindo cha boma chimene chafika pa WhatsApp usiku, popanda wina woti n'kumuimbira kuti atsimikize, ndi msampha womwe uja.

Chimene mabuku a sukulu satchula kawirikawiri n'chakuti ziletso zonsezi sizimene zinamupezera anthu. Kale mu 1858, pa mtsutso wake ndi Stephen Douglas, anali atanena kuti wokhala ndi maganizo a anthu kumbali yake salephera kanthu, ndipo wopanda iwo sapambana kanthu. Luso lake linali kulemba, ndi kudziwa tsiku lotulutsa zolembazo. Mu Ogasiti 1862 Horace Greeley, mkonzi wa New York Tribune, anasindikiza kalata yomudzudzula kuti akuzengereza kumasula akapolo. Lincoln anayankha pa 22 Ogasiti ndi kalata yaifupi, ndipo inayamba kutuluka mu nyuzipepala ina ya ku Washington, National Intelligencer, osati ya Greeley. Anati chachikulu kwa iye n'kupulumutsa mgwirizano wa dzikolo: akanatha kuupulumutsa osamasula kapolo aliyense akanatero, akanatha pomasula onse akanatero, akanatha pomasula ena n'kusiya ena akanateronso. Owerenga sankadziwa kuti mwezi wathunthu m'mbuyomo, pa 22 Julayi, anali ataonetsa kale nduna zake chikalata chomasula akapolo, ndipo analangizidwa kuti adikire asilikali apambane kaye penapake, kuopa kuti chingamveke ngati kulira kwa wogonja. Mwayiwo unabwera ku Antietam pa 17 Seputembala, ndipo pa 22 analengeza. Kalata ya kwa Greeley inali yokonzekeretsa azungu amene sankafuna kufera akapolo, kuti chilengezocho chikadzafika adzachione ngati chida chopambanira nkhondo. M'kalatamo mulibe bodza, koma mulibenso choonadi chonse, ndipo ophunzira anu angakangane bwino ngati kumeneku n'kutsogolera anthu kapena kuwapusitsa.

Anateronso mu Juni 1863, asilikali atamanga Clement Vallandigham, wandale wotsutsa nkhondo, chifukwa cha zimene anayankhula pa msonkhano. Lincoln anasintha chilango chake kukhala kumuthamangitsira kwa adani, ndipo atadzudzulidwa analemba kalata yapoyera yofunsa ngati ayenera kuwombera mnyamata wosadziwa zambiri amene wathawa usilikali, n'kumusiya wandale wochenjera amene wamunyengerera kuthawa. Kalatayo inachulukitsidwa m'timabuku ndipo inagwira mitima ya makolo amene ana awo anali ku nkhondo. Funsolo ndi lokoma kumva, koma ndi loopsa, chifukwa wodzudzula aliyense angathe kunenedwa kuti akufooketsa asilikali.

Panalinso maudindo ndi ndalama. Akonzi omukonda ankapatsidwa ntchito zoyang'anira mapositi, ukazembe, ndi makontirakiti osindikiza zinthu za boma. Henry Raymond wa New York Times ndi amene ankatsogolera komiti ya chipani chake pa chisankho cha 1864. Lincoln yemweyo, asanakhale pulezidenti, anagula mwachinsinsi kanyuzipepala ka Chijeremani ku Springfield mu 1859 ndi madola 400 pofuna mavoti a anthu ochokera ku Germany. Ndi zonsezi, mu Ogasiti 1864 analemba ndi dzanja lake kuti zikuoneka kuti aluza. Chimene chinamupulumutsa ndi kugwa kwa mzinda wa Atlanta pa 2 Seputembala. Chisankho chinachitika nkhondo ili mkati, ndipo womupikisana, George McClellan, anapeza mavoti 45 pa 100 aliwonse nyuzipepala zotsutsa zikumuchemerera poyera.

Amene anapita patali kuposa Lincoln ndi pulezidenti Woodrow Wilson, chikhalirecho nkhondo yake inali kutsidya la nyanja. America italowa nkhondo yoyamba ya dziko lonse mu Epulo 1917, anakhazikitsa Committee on Public Information pansi pa George Creel. Bungweli linali ndi anthu odzipereka pafupifupi 75,000 amene ankaimirira m'nyumba zoonetsera kanema n'kuyankhula kwa mphindi zinayi pa mutu wochokera ku Washington, woonetsa kanema akusintha filimu. Aphungu anakana kumupatsa Wilson mphamvu younika nyuzipepala zisanatuluke, koma lamulo la Espionage Act la 1917 linalola nduna ya mapositi, Albert Burleson, kukana kunyamula zolembedwa zimene ikuona kuti zikusokoneza nkhondo. Burleson anali ndi kanjira kake: akaletsa magazini ya mwezi umodzi, ankanena kuti yadumpha kutuluka, choncho siyeneranso mtengo wotsika wa positi umene unali wa zotuluka mokhazikika. Nyuzipepala za zilankhulo zina zinkayenera kupereka ku positi ofesi zomasulira m'Chingerezi za nkhani zokhudza boma kapena nkhondo zisanatuluke, ndipo zing'onozing'ono zambiri zinalephera kupirira mtolo umenewu. Lamulo la 1918 linaonjezera kuti kunyoza boma, mbendera kapena yunifolomu ndi mlandu. Anthu pafupifupi 2,000 anazengedwa milandu. Eugene Debs anagamulidwa zaka 10 chifukwa cha zoyankhula pa msonkhano ku Ohio, ndipo mu 1920 anapeza mavoti oposa 900,000 ali m'ndende.

Ngati mukufuna kuonetsa kalasi chiletso chokonzedwa mwanzeru, tengani cha pulezidenti Franklin Roosevelt pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mu Disembala 1941 anatsegula Office of Censorship n'kuikapo Byron Price, mkonzi wamkulu wa Associated Press, munthu wosakhala msilikali. Makalata ndi matelegalamu otuluka kunja ankaunikidwa mokakamiza, koma nyuzipepala ndi wailesi za m'dziko zinapatsidwa kabuku kochepa ka malangizo mu Januwale 1942, koti zizitsatira mwa kufuna kwawo. M'kabukumo munali zinthu zogwirika zokhazokha: kumene kuli magulu a asilikali ndi kumene akulowera, tsiku lonyamuka sitima ndi katundu wake, mafakitale a zida ndi kuchuluka kwa zimene akupanga, maulendo a pulezidenti, ndi zanyengo. Wailesi zinauzidwa kuchepetsa kwambiri kulengeza zanyengo, chifukwa oyendetsa sitima za Germany zoyenda pansi pa madzi akanatha kumva. Zinauzidwanso kusiya kupereka maikolofoni kwa munthu wongodutsa mumsewu, ndi kusiya kuimba nyimbo yopemphedwa pa ola lenileni limene wopemphayo watchula, poopa kuti kazitape angatumize uthenga mwa njira imeneyo. Tangoganizani wailesi zathu popanda mafoni a omvera ndi moni. Za kudzudzula boma munalibemo. Nkhani imene mkulu woyenera wa boma waitulutsa yekha inali yololedwa, ndipo mkonzi wokayika ankafunsa ku ofesiyo n'kuyankhidwa msanga. Ntchito yokopa anthu inali ya bungwe lina, Office of War Information, ndipo Price sanalole kuti ziwirizi ziphatikizidwe. Roosevelt mwini wake ankadalira wailesi: pa 23 Febuluwale 1942, zinthu zikuipa, anapempha anthu kuti amumvere atayala mapu a dziko lonse, n'kuwafotokozera kutalika kwa njira za sitima ndi chifukwa chake nkhondoyo itenga nthawi. Japan itangogonja mu Ogasiti 1945, ofesi ya Price inasiya kuunika nkhani.

Ngakhale apa zina zinalakwika, ndipo zolakwikazo n'zimene zili ndi phunziro. Mu Juni 1942 Chicago Tribune inalemba nkhani yoonetsa kuti asilikali apamadzi a America ankadziwiratu sitima za Japan zimene zinkabwera ku Midway. Wowerenga wochenjera akanazindikira kuti mauthenga achinsinsi a Japan akuwerengedwa. Boma linafuna kuzenga mlandu, koma kuti liwine linkayenera kuulula chinsinsi chomwecho, ndiye mlandu unafera panjira. Kuyambira kumapeto kwa 1944 Japan inkaulutsa mabaluni onyamula mabomba kuti mphepo iwafikitse ku America. Atolankhani anapemphedwa kukhala chete kuti Japan isadziwe ngati akufika, ndipo anamvera. Mu Meyi 1945 mayi wina ndi ana asanu anapeza limodzi m'nkhalango ku Oregon, osadziwa kuti n'chiyani, ndipo onse anafa litaphulika. Apa m'pamene boma linachenjeza anthu poyera. Zithunzi za asilikali a America atafa zinali zoletsedwa mpaka Seputembala 1943, pamene magazini ya Life inasindikiza cha asilikali atatu ali gone pa mchenga ku Buna, New Guinea. Chiletsocho chinachotsedwa boma litaona kuti anthu kumudzi atayirira, akuyesa kuti nkhondo yapambanidwa kale. Chithunzi chotere chinali choopsa mu 1942 n'kukhala chothandiza mu 1943, mdani asanasinthe kanthu. Chinasintha ndi chimene boma linkafuna kuti eni dziko amve mumtima. Ndipo anthu pafupifupi 120,000 a mtundu wa Chijapani, ambiri mwa iwo nzika za America, atatsekeredwa m'misasa kuyambira 1942, nyuzipepala zambiri zinaombera m'manja popanda wozikakamiza.

Pa nkhondo ya America ku Vietnam panalibe lamulo lounika nkhani za atolankhani. Boma la Lyndon Johnson linasankha kumangolengeza kuti zinthu zikuyenda bwino, mpaka kumapeto kwa 1967 akuluakulu akunena kuti mapeto ayamba kuoneka. Mu Januwale 1968 adani anaukira mizinda yambiri nthawi imodzi, n'kulowa mpaka mumpanda wa ofesi ya kazembe wa America ku Saigon. Pa kumenyanako adaniwo ndi amene anataya anthu ochuluka zedi, koma kumudzi anthu ambiri anali atasiya kukhulupirira zolengeza za boma, ndipo pa 31 Malichi Johnson ananena kuti saimanso. Mu 1971 boma la Richard Nixon linayesa kuletsa New York Times ndi Washington Post kusindikiza zikalata zachinsinsi za mbiri ya nkhondoyo, koma khoti lalikulu linakana, oweruza 6 kwa 3.

Kwathu kuno chiletso cha nkhani pa nkhondo tinachilawa boma lisanakhale lathu. Itachitika nkhondo ya ku Karonga mu Seputembala 1914, John Chilembwe analembera Nyasaland Times kalata yofunsa chifukwa chimene anthu akuda osauka ayenera kufera nkhondo yosakhala yawo n'kusiya akazi ndi ana amasiye. Boma la atsamunda linaipondereza. Munalibe chinsinsi chilichonse cha asilikali. Chimene ankaopa ndi funsolo. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza State of Emergency, ndipo anthu ku Britain anauzidwa kuti a Nyasaland African Congress akonza chiwembu chopha azungu ndi akuluakulu a boma. Tsiku lomwelo asilikali anawombera anthu pa doko la Nkhata Bay. Bungwe lofufuza la woweruza Patrick Devlin litatulutsa lipoti mu Julayi, linati silinapeze chiwembucho monga mmene chinkanenedwera, linawerengera anthu akuda pafupifupi 50 ophedwa, ndipo linati Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, ngakhale kwa kanthawi.

Ulamuliro wa Dr Kamuzu Banda ndi umene mwanayo akuuganizira, ndipo mukauika pa mafunso anayi aja kusiyana kumaonekera pomwepo. Dziko silinali pa nkhondo. Lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act la 1968 linalibe tsiku lothera. Daily Times ndi Malawi News zinali m'manja mwa pulezidenti ndi chipani, wailesi inali MBC yokha, ya kanema kunalibe mpaka 1999. Chaka chomwecho cha 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi, nkhani imene anthu a kumpoto sanaiwale. Chisankho chimene pulezidenti akanaluza panalibe, makamaka atakhala wamuyaya mu 1971. Ndipo zobisidwazo zinkabisidwa kwa Amalawi: mu Meyi 1983 dziko linauzidwa kuti nduna zitatu ndi phungu mmodzi afa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza, ndipo zinadikira bungwe lofufuza la boma latsopano kuti zinenedwe poyera kuti anachita kuphedwa. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya mabishopu a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi. Boma linati ndi youkira ndipo kupezeka nayo ndi mlandu, nyumba yosindikizira ya Montfort ku Balaka inayatsidwa moto, ndipo Monsinyo John Roche, amene ankatsogolera dayosizi ya Mzuzu, anathamangitsidwa m'dziko. Chiletsocho chinangoitchukitsa kalatayo. Anthu ankaichulukitsa pa fotokope n'kumamvera BBC ndi Channel Africa, ndipo pa riferendamu ya 14 Juni 1993 mavoti 63 pa 100 aliwonse anasankha zipani zambiri.

Njira zopanda phokoso zija sizinathe ndi chipani chimodzi. Gawo 46 la Penal Code linasinthidwa mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika kuti nduna izitha kuletsa chosindikizidwa chimene ikuona kuti n'chosayenera, mpaka linachotsedwa mu 2012. Pa zionetsero za 20 Julayi 2011 MACRA inaletsa wailesi kuulutsa zochitika zili mkati. Anthu pafupifupi 20 anaphedwa m'dziko muno, Mzuzu ndi umene unataya ochuluka kuposa mzinda wina uliwonse, ndipo ena a iwo ali m'manda ku Zolozolo. Wailesi ikakhala chete pa tsiku lotere, munthu wofuna kudziwa msewu woti adutse popita ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa amatsala ndi mphekesera za pa foni. Positi ndi telegalamu za lero ndi layisensi ya wailesi, malonda amene maunduna amatsatsa mu nyuzipepala, ndi netiweki. Ethiopia inadula mafoni ndi intaneti ku Tigray mu Novembala 2020, Russia inakhazikitsa mu Malichi 2022 lamulo la ndende mpaka zaka 15 pa nkhani za asilikali zimene boma lati ndi zabodza, ndipo Ukraine nayo inaphatikiza nkhani za ma TV akuluakulu kukhala pulogalamu imodzi. Mbali inayo iliponso: wailesi ya RTLM ku Rwanda mu 1994 inkatchula maina a anthu ndi kumene abisala kuti akaphedwe, ndipo khoti la milandu ya ku Rwanda linawapeza olakwa atsogoleri ake mu 2003. Kuizimitsa imeneyo sikukanakhala kupondereza ufulu wa wina aliyense.

Malamulo athu oyendetsera dziko amateteza ufulu wonena maganizo mu gawo 35, wa atolankhani mu gawo 36, ndi wopeza nkhani za boma mu gawo 37. La nthawi ya nkhondo ndi gawo 45. Pulezidenti angalengeze State of Emergency pokhapokha pali nkhondo, chiopsezo cha nkhondo, nkhondo yapachiweniweni kapena ngozi yaikulu yachilengedwe. Komiti ya chitetezo ya Nyumba ya Malamulo iyenera kuvomereza, chilengezocho chikhudze dera lokhalo kumene kuli vuto, ndipo chidziwitsidwe poyera. Chimatha pakapita masiku 21, pokhapokha aphungu awiri mwa atatu aliwonse atachitalikitsa, ndipo sangapyole miyezi itatu nthawi imodzi. Mkati mwa nthawiyi ufulu wonena maganizo, wopeza nkhani, woyenda ndi wosonkhana ungachepetsedwe molingana ndi kukula kwa vutolo, ndipo khoti lalikulu lili ndi mphamvu younika chilengezocho ndi zonse zochitidwa pansi pake. Choncho inde, angachepetse, koma osati payekha, osati dziko lonse vuto likakhala ku malire amodzi, ndiponso osati mpaka kalekale. Palinso chimene Lincoln anachita chimene pulezidenti wathu saloledwa: kuyambira Epulo 1861 iye anaimitsa ufulu wa womangidwa wokaonekera kwa woweruza kuti aone ngati wamangidwa mwalamulo, ndipo ananyalanyaza chigamulo cha mkulu wa oweruza Roger Taney. Kwathu ufulu umenewu uli m'gulu la zosakhudzidwa ngakhale pa nkhondo, pamodzi ndi ufulu wa moyo ndi wosazunzidwa.

Musasokoneze zimenezi ndi State of Disaster imene imalengezedwa kukagwa namondwe kapena njala. Imeneyo siipatsa boma mphamvu za gawo 45, ndipo mukumbukira kuti mu Epulo 2020 khoti linaimitsa m'bindikiro wa masiku 21 wa Covid-19. Lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020 ndipo milandu youkira boma ndi mawu inachotsedwa mu Penal Code mu 2022, koma Official Secrets Act ya atsamunda ikadalipo, ndipo Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 yagwiritsidwapo ntchito pomanga anthu chifukwa cha zolemba pa intaneti, dziko lili pa mtendere.

Pamene nkhaniyi imatikhudza lero kwambiri ndi asilikali athu otumizidwa kunja. Mu Novembala 2018 asilikali 6 a Malawi anaphedwa pafupi ndi Beni ku DRC, ndipo mu Januwale 2025 ena 3 anaphedwa kum'mawa kwa dziko lomwelo, boma n'kulamula mwezi wotsatira kuti gululo likonzekere kubwerera. Mkonzi wa mumzinda wokhala ndi mabanja a ku Moyale Barracks ali ndi zifukwa zomveka zosungira dzina la womwalira mpaka a MDF atauza banja, malo enieni a msasa, njira ndi tsiku la ulendo wobwerera, ndi chithunzi choonetsa zida kapena malo obisalamo. Chiwerengero cha omwalira, malipiro a asilikali, chipukuta misozi cha mabanja ndi chifukwa chimene dziko lawatumizira kumeneko, mdani sapindula nazo kanthu, ndipo palibe chozibisira. Chovuta ndi nkhani yakuti gulu latumizidwa ndi zida zosakwanira. Eni dziko ayenera kuidziwa, koma ikatuluka mwatsatanetsatane asilikali akadali pa malo, mdani amadziwa pomenya. Njira imene imateteza onse ndi kulemba kuti vutolo lilipo osatchula mtundu wa chida, chiwerengero kapena msasa, kupereka tsatanetsatane kwa komiti ya chitetezo ya Nyumba ya Malamulo imene ingafunse nduna m'chipinda chotseka, ndi kusindikiza zonse gululo likafika kwathu.